Nkhanambo Zimene Ndinasungira Ana a Mlamu Wanga

Zinayamba ndi msana. Ndinkachokera ku Nkando ndi mtolo wa mzungu pamutu, pakuti masiku amenewo ndinali wamtengatenga, ndipo pofika pamtsinje wachiwiri msana unandigwira ngati wina wandimenya ndi munsi. Ndinati ndi katunduyo. Munthu amene wasenza mitolo chiyambire unyamata wake sadabwa ndi msana. Inali nyengo ya masika, chimanga chitauma m'minda, zaka zingapo nkhondo ya Mjeremani isanabuke. Ndinakatula mtolo kumene anandituma, n'kufika kumudzi ku Milonde thupi likuotcha, mutu ukuwawa mpaka m'maso. Chilichonse chimene ndinaika m'kamwa chinabwerera.

Tsiku lachitatu kutentha kunachepa, ine n'kumati ndachira. Kalanga ine! M'kamwa munatuluka tizilonda, kumaso timatuza, kenako m'mikono, mpaka m'zikhatho ndi kumapazi komwe. Mkazi wanga Nambewe anandiyang'ana ali pakhomo, nagwira pakamwa, nakokera mwana wathu Ndaziona kumbuyo kwake. Panalibe wofuna kuuzidwa dzina la matendawo. Inali nthomba.

Ndinene kaye kuti pamudzipo ine ndinali yani. Ndine Mlomwe. Ndinaoloka mtsinje wa Ruo ndili mnyamata, kuthawa chibalo cha Apwitikizi, ndipo bambo anga ndi abale anga onse anatsala tsidya lija. Ku Milonde ndinali mkamwini pakati pa Amang'anja. Mwini mbumba anali mlamu wanga Malunga, mchimwene wake wa Nambewe. Iyeyo mkazi wake anamtenga chitengwa, ndiye ana ake aamuna awiri ankakulira pamudzi pomwepo, kudyera mbale imodzi ndi Ndaziona wanga. Malunga sanandifunepo n'kamodzi komwe. Ndikalima mizere khumi, iye ankaona umodzi wokhota. Ndikalankhula, ankayeserera lilime langa kuti ana aseke. Ine ndinkangoti phee, poti mkamwini asamakule mwendo.

Mwambo wa kumeneko unali wakuti wodwala nthomba amam'mangira msasa kuthengo, kutali ndi nyumba, ndipo womdwazika amakhala munthu amene anadwalapo kale, chifukwa nthomba sigwira munthu kawiri. Wodwalayo akafa, maliro ake salira. Womdwazikayo amamkwirira yekha komweko, n'kubwera kudzanena kumudzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Pamudzi ponse munthu wa nkhope ya zipsera za nthomba anali mmodzi yekha, Malunga. Ndiye ntchito yondidwazika inagwera iye.

Masiku atatu anabweretsa phala ndi madzi, n'kumaika patali ngati akupatsa galu. Tsiku lachitatulo matuza anali atadzaza mafinya, nkhope itatupa, fungo langa ndikulimva ndekha. Malunga anaima kunja kwa msasa, nasuzumira, nati, "Iwe, sunafebe? Alomwe inu kulimba moyo ngati nsikidzi." Sanabwerenso.

Ndinawerenga masiku anayi opanda phala. Ndikatembenuka, mphasa inkatsala ndi khungu langa. Ntchentche zinandipeza. Diso lamanja linatsekeka, n'kumatuluka madzi oyera. Madzi a m'chikho atatha, ludzu linandikwawitsa kupita kukamtsinje kamene ndinkakamva kakulira kumunsi, ndipo musandifunse kuti munthu wa matuza m'zikhatho ndi m'maondo amakwawa bwanji. Ndinamwa, n'kulephera kubwerera. Mwendo wamanzere unang'ambika pamwala. Pomwepo ndi pamene anandipeza amuna awiri odula nsungwi. Mmodzi anathawira patali atatseka mphuno. Winayo, amene nayenso anali ndi zipsera kumaso, anandikulunga m'nsalu yake, namangirira ku nsungwi, nam'zazira mnzakeyo mpaka anabwera kudzagwira kutsogolo. Anandinyamula dzuwa lonse mpaka ku mishoni. Maina awo sindinawafunse, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Ku mishoni sanandilowetse m'nyumba ya odwala. Anandiika m'kanyumba kaudzu kumunsi kwa chipatala, kumene mphepo siibwerera kwa anthu. Nsalu ija anaiotcha, ndi kansalu kanga ka m'chiuno komwe. Chimene ndinatsala nacho ndi kansupa kanga ka fodya wa m'mphuno kamene kanali pachingwe m'khosi. Ndinakakamira, ndipo amene ankandisamalira, a Tomasi, anakawiritsa m'madzi n'kundibwezera akuseka, ati munthu ali pakhomo pa manda koma akulirira fodya. A Tomasi anali bambo wachikulire, Myao wobatizidwa, wothandiza dotolo. Nawonso nthomba inawalemba kumaso ali mwana.

Masiku a kumeneko ankafanana onse. Belu la m'mawa likalira, a Tomasi ankatsika ndi beseni la madzi ofunda othira mankhwala ofiirira. Ankanyowetsa nsalu n'kundipukuta pang'onopang'ono, kundidontheza mankhwala oluma m'maso, kutsuka bala la pamwendo, kenako kundidzoza mafuta. Kuyabwa kutayamba anandimanga manja ndi nsalu kuti ndisadzikande. Kenako phala. Kenako kudikira belu la masana, kenako kudikira la madzulo. Dotolo, mzungu, ankabwera tsiku lachitatu lililonse. Anandikanula zikope nati, m'Chimang'anja chake chopunduka, "Diso lamanja lafa. Lamanzere tiyesetsa. Akanakubweretsa msanga, onse awiri akanakhala." Ndinamva bwinobwino, ndipo m'mutu mwanga munabwera dzina limodzi lokha.

Mlungu wachitatu matuza anauma, nkhanambo n'kuyamba kuyoyoka. Ndinaona kuti a Tomasi sasesa wamba. Ankayamba awaza madzi pansi, n'kutola nkhanambo iliyonse, ngakhale yogwera m'mphepete mwa mphasa, n'kukaziotcha pamoto waukulu. Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Mbewu ya matendawa ili m'menemu," anatero. "Nkhanambo imodzi ikhoza kutha mudzi."

Anatola beseni lawo n'kukwera kumtunda, osadziwa chimene andipatsa. Ine ndinagona chagada tsiku lonselo ndikulingalira. Malunga mwini wake nthomba siingam'gwire, inam'gwira kale. Koma ana ake awiri aja, amene ankayenda nawo monyadira wina kuno wina uko, khungu lawo linali losalala. Ndinati m'mtima, aone mwana wake akutupa nkhope. Amve fungo lija likuchokera m'nyumba mwake. Akwirire yekha kuthengo, popanda womulirira, kawiri konse. M'mawa mwake, belu lisanalire, ndinasenda nkhanambo za pamkono ndi mano, poti manja anali omanga, ndipo atandimasula kuti ndidye ndinazilowetsa m'kansupa kaja. Ndinachita zimenezi masiku asanu mpaka kanadzaza. Pakamwa pake ndinamata ndi phula limene ndinapempha ponamizira kuti milomo yanga ikung'ambika. Ndikunena izi poyera kuti musandiyese munthu wabwino amene anangokhumudwa. Ndinkadziwa chimene ndinkachita, ndipo chinkandikoma.

Za Mulungu zinalowa m'masiku omwewo. A Tomasi akamanditsuka ankang'ung'udza ngati akucheza ndi munthu. "Ambuye, uyu ndi uja wa diso. Lero bala lachepako, mwaona nokha. Koma phala akusiya." Ndinawafunsa kuti akulankhula ndi yani. Kwathu Mulungu, amene timamutcha Muluku, tinkamudziwa, koma ali kutali, ndipo zathu tinkatuma mizimu ndi ufa patsinde pa mtengo. A Tomasi anati iyayi, chifukwa cha Yesu munthu akhoza kulowa yekha, popanda womuperekeza. Ndinati, "Nanga amamva Chilomwe?" Anati, "Yesani, achimwene."

Ndinayesa. Koma Mulunguyo ndinamtenga ngati woweruza milandu. M'mawa uliwonse ndinkatula mlandu wa Malunga kuyambira pachiyambi, mizere ija, lilime lija, masiku anayi aja, diso langa. Ndinkati, "Ngati mulidi ndi mphamvu, m'puwalitseni. Ng'ona im'gwire pamadzi ofika m'maondo. Nkhokwe yake idye chiswe." Ndinkatukwana m'Chilomwe chenicheni cha kwathu, chimene ndinali nditasiya kulankhula zaka zambiri. Mphezi sinandigwere. Ndipo poti munthu sangatukwane tsiku lonse, mlandu ukatha ndinkapezeka ndikunena zina. Ndinamuuza za bambo anga, mmene ndinawasiyira pagombe osatsanzika. Ndinamuuza kuti ndikuopa khungu, kuti diso lotsalali likapita ndidzakhala wogwira ndodo ya ana. Ndinamuuza kuti Ndaziona amaseka ndi phewa. Palibe munthu anandimverapo chotero chiolokereni Ruo. Ndinazolowera, mpaka kanthu kakachitika, kaya bala layamba kuyabwa kusonyeza kupola, pakamwa pankayamba pokha kumuuza.

Chinthu chimodzi chokha sindinamuuze. Ndisanayambe kupemphera ndinkavula kansupa kaja n'kukakoleka kuseri kwa kanyumba, pansi pa udzu wa denga, kenako n'kulowa, n'kugwada. Taonani uchitsiru wa munthu! Kubisa chinthu kwa Mulungu kuseri kwa khoma la udzu. Koma ndinkatero tsiku ndi tsiku, ndipo ndikatha ndinkakatenganso n'kuvala.

Patatha milungu isanu ndi umodzi, nkhanambo yomaliza itagwa, anandisambitsa thupi lonse ndi mankhwala, kanyumba kaja n'kukaotcha. Kansupa ndinali nditakabisa kale m'mphako ya mtengo. Anandisamutsira m'nyumba ya odwala chifukwa bala la pamwendo linkakana kutseka ndipo diso lamanzere linkafunabe mankhwala. Kumeneko tinkagona pamphasa m'mizere, aliyense ali ndi m'bale wom'phikira kunja. Ine ndinalibe. Ndinkadya zimene azimayi odwazika anzanga andigawira. M'mawa tinkakhala pamzere pakhonde kudikira dotolo, ena ndi zilonda za matekenya, ena ndi chifuwa, ndipo dzuwa linkafika pamutu tisanathe.

Pamzere pomwepo, mwezi wa dzuwa lotentha, mayi wina wa ku Milonde amene anabwera ndi mwana wakupsa ndi moto anandiona, nakuwa, nafuna kuthawa. Nditam'tchula dzina anakhala pansi. Ndiye anandiuza zonse. Malunga anakanena kumudzi kuti ndinafa, ndipo anandikwirira ndi manja ake. Nambewe anameta. Ndipo miyezi isanapite ingati, Malunga anam'pereka kwa mnzake, kapitawo wa pa esiteti, amene tsopano ankagona m'nyumba imene ndinamanga ine, mitengo yake nditasenza ndekha kuchokera kuphiri.

Mayiyo anabwerera kwawo patatha mlungu. Ndinadziwa kuti akanena, poti nkhani yotere mkazi sangaisunge m'kamwa mpaka pachitsime. Ndiye ndinayamba kudikira. Ndikalandira mankhwala ndinkakhala pamwala woyang'ana njira ya ku Milonde, ndi diso langa limodzi, mpaka belu la madzulo. Ndinati mwina Nambewe abwera ndi mwana. Ndinati mwina akuluakulu atumiza munthu ndi nkhuku yopepesera. Ha! Ngakhale nthenga ya nkhuku sindinaione. Kwa iwo kunali kwabwino kuti ndikhalebe wakufa. Ndinakatenga kansupa kanga kumtengo kuja, n'kukavala mkati mwa malaya amene anandipatsa a mishoni. Ndinati mlandu suola.

Chinandimanga miyendo n'chimodzi. Ndaziona ankadya ndi anyamata aja, kusewera nawo, kugona nawo mphasa imodzi masana. Nthomba siifunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Ndipo kum'tenga sindikanatha, poti kwa eni mbumba mwana ndi wa kuchikazi, bambo ndi mlendo. Ndinavutika nazo masiku ambiri, mpaka tsiku lina ndinaona a Tomasi atandanda ana a sukulu pansi pa mtengo. Ankakanda pamkono ndi kampeni, n'kupakapo kamankhwala. Anati ameneyo ndi katemera, mwana amatuluka chilonda chimodzi chokha pamenepo, chikapola nthomba siimukhudzanso. Ndinati, nayi njira. Ndaziona atemeredwe, kenako nditsegule nsupa.

Ndinawapempha kuti tikam'temere mwana wanga. A Tomasi anandiyang'ana nati, "Katemera sitinyamulira mwana mmodzi. Tikapita, ndi ana onse a pamudzi. Ndipo inu mukanyamula bokosi ndi kugwira mikono. Nkhope yanuyo ikalalikira kuposa ine. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo." Ndinaseka nawo, koma m'kati ndinazizidwa, poti ana onse ndiye kuti ndi a Malunga omwe. Kenako ndinakumbukira kuti mlamu wanga ndimam'dziwa. Chinthu chobwera ndi ine sangachilandire ngakhale chitakhala uchi. Ndipo ndinachita kupempherera zimenezo, kansupa kali panja monga mwa masiku onse. Ndinati, "Muumitseni mutu Malunga. Akane." Sindinanene chifukwa chake.

Tinanyamuka m'mawa, mvula yoyamba isanagwe, mwendo wanga utapola koma ukukokabe. Tinafika dzuwa lili pamutu. Nambewe anali pakhomo pa nyumba yanga, ali ndi pakati poonekera, ndipo atandiona anayang'ana pansi osadzutsanso mutu. A Tomasi anapereka moni kwa akuluakulu, nafotokoza chimene tadzera, nandiimika pakati pa bwalo kuti anthu aone chimene nthomba imachita. Azimayi anandiyang'ana, nayang'ana ana awo, nayamba kuwabweretsa mmodzimmodzi. Ine ndinkagwira mkono, a Tomasi n'kumakanda.

Ndaziona anam'bweretsa amayi ake aang'ono. Anali atatalika. Ndinati, "Ndaziona, ndine, bambo ako." Anayang'ana nkhope yanga yamaenjemaenje ndi diso loyerali, nakuwa ngati waona chilombo. Ndinam'gwira mkono wamanzere molimba kuti mpeni usaphonye, iye n'kundiluma pachala mpaka magazi. Sindinam'siye mpaka a Tomasi atamaliza. Atamasuka anathawira kwa amake osacheuka.

Malunga anali pakhonde pake akusema mpini wa khasu, ana ake awiri ali pambali. A Tomasi anapita kukam'pempha mwaulemu. Iye osaleka kusema anati, "Ana anga satemeredwa ndi mpeni wa azungu wobwera ndi mzukwa." A Tomasi anachonderera kawiri, katatu. Anakana. Ine sanandiyang'ane n'komwe, ngakhale kunena kuti alamu mwafika.

Ndiye zonse zinali monga ndinapemphera. Wanga watemeredwa, ake ayi. Ndinanena kuti ndikupita kuthengo pang'ono, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe ya Malunga. Pamenepo panali mphasa ya anyamata aja, yoyanika padzuwa, ndi nsalu yawo yofunda. Panalibe munthu. Ndinatulutsa kansupa, chikhadabo chili pa phula. Mtima unkagunda ndi chimwemwe, ndisaname. Ndipo chifukwa cha chizolowezi chija, pakamwa panayamba pokha, m'Chilomwe, kuti, "Mwandichitira, mwandimvera." Ndinalekera pomwepo. Ndinazindikira kuti ndikulankhula ndi Mulungu kansupa kali m'manja, koyamba chiyambire. Panalibe khoma loti ndikakoleke kuseri.

Palibe mawu amene anamveka kumwamba. Nkhuku zinkangopalasa pansi pa nkhokwe. Koma manyazi amene anandigwira sindinawamvepo kwa munthu aliyense, chifukwa ndinadziwa kuti miyezi yonse ija ankakaona kansupako, nkumandimverabe za bambo anga ndi za diso langa, osandithamangitsa. Ndinati, "Nayi. Ndi iyi ndinkakubisiraniyi. Ndikufuna ana awiri aja afe." Mawuwo atatuluka n'kulowa m'makutu anga omwe, ndinagwada pansi. Ndinam'pempha kuti achotse mkwiyowo. Sanauchotse. Unali pomwepo, wathunthu, ukundiuza kuti tsegula, wachedwa. Ndinayesa kuponya kansupako kutchire, dzanja linakana. Ndipo ndinadzidziwa kuti ndikabwerera nako ku mishoni, ndidzabweranso tsiku lina ndili ndekha, popanda a Tomasi. Ngakhale nditakataya, nthomba siisowa, ndikanakafuna nkhanambo zina. Ndinati, "Ngati simuchotsa, ndipatseni miyendo yokha."

Ndinabwerera pabwalo, n'kukaima pamaso pa Malunga, kansupa ndikakakweza m'mwamba kuti onse aone.

"Alamu," ndinatero, "mukukaona aka? Muli nkhanambo zanga, za nthomba ija munandisiya nayo kuthengo. Miyezi yonseyi ndazisungira ana anu awiriwa. Pompano ndinali pamphasa yawo. Lero Mulungu wandigwira dzanja, koma za mawa sindikudziwa, chifukwa sindinakukhululukireni. Atemereni anawo ine ndikuona. Ine mwini sindikudzikhulupirira."

Azimayi anakuwa, aliyense n'kutola wake. Mpini unagwa m'manja mwa Malunga, pakamwa pali yasa, ndipo ndikuvomera kuti kumuona akunjenjemera kunandikoma. Mkazi wake sanadikire kuti mwamuna anene kanthu. Anagwira anyamata aja, wina dzanja ili wina ili, nawakokera kwa a Tomasi akulira. A Tomasi anayamba andilanda kansupako ndi nsalu, nakaika pakati pa moto, nasonkhezera nkhuni mpaka kanapsa konse, nasamba m'manja ndi mankhwala. Kenako anawatemera onse awiri. Mikono yawo anagwira ndi amawo, ine sanandilole kuyandikira.

Akuluakulu sanachedwe kugamula. Anati munthu wosunga imfa m'nsupa ndi mfiti, ndipo ndisadzapondenso pamudzipo, ndipo Ndaziona alibe bambo. Za Malunga, za masiku anayi aja, za kundikwirira ndili moyo, palibe anatchulapo. Ndinayang'ana kunyumba kuja, chitseko chinali chotseka. Ndinasenza bokosi n'kutsata a Tomasi.

Tinayenda mpaka pamtsinje. Pamenepo a Tomasi anaima nati, "Munagona nako pakati pa odwala anga." Ndinati inde. Anati, "Mukanena nokha kwa dotolo, ine ndili pomwepo." Ndinakanena. Dotolo anafiira nkhope, nanditulutsa m'nyumba ya odwala tsiku lomwelo. A Tomasi ndi amene anandipempherera malo, kuti poti nthomba siingandigwirenso, ndizisamalira timanyumba ta odwala nthomba kumunsi kuja, kutunga madzi, kusesa ndi kuotcha. Nditapempha ubatizo, anauchedwetsa zaka ziwiri, ndipo sindinadandaule.

Lero ndili bwino. Diso lamanja ndi lakufa, lamanzere limaona mpaka kulowetsa ulusi m'singano. Mwendo umandikumbutsa nyengo yozizira, khungu la kumaso limang'ambika ndikapanda kudzola mafuta, koma ndimalima ndi kusenza madzi ngati kale. Amene mukumva izi, thupi likatentha ndi msana womwe, kenako n'kuona timatuza m'kamwa ndi m'zikhatho, musadikire kuti muone mawa. Tumizani mthenga kuchipatala tsiku lomwelo. Wodwala wanu musam'siye m'manja mwa munthu mmodzi kuthengo popanda wina wokaonako, ngakhale ataima patali. Ndipo ana anu atemereni nthomba isanafike, osati itafika.

Za Mulungu ndinene chimene ndikudziwa ine, osati za m'kalasi ya ubatizo. Muuzeni chimene mukubisacho, choipitsitsacho, ndi mawu ake enieni, m'chilankhulo chimene mumatukwanira. Ine mlandu wa Malunga ndimautulabe kwa iye. Masiku ena ndimatha kunena kuti mum'khululukire, masiku ena ndimangoti mukudziwa nokha, ndipo mano amakhala ali olumana. Malunga sanapepese, ndipo akukalamba bwinobwino, ana ake awiri akum'limira.

Nthomba inadzafika ku Milonde payokha patapita zaka zochepa, n'kukwirira anthu m'midzi yoyandikana. Anthu a kumeneko akabwera kuchipatala amandilambalala, koma ndimawafunsabe, ndipo ena amayankha akuyang'ana kumbali. Ati Ndaziona sinam'khudze. Ati anakula, anakwatiwa chaka chatha, ndipo akafunsidwa amanena kuti bambo ake anafa ndi nthomba iye ali mwana. Sindinatume munthu kukam'tsutsa. Ali ndi chipsera pamkono wamanzere, ndipo mkonowo ndinaugwira ndine.